Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Fayilo imene ndinaiwerenga usiku uwiri

Mwandifunsa kuti zinatha bwanji ndi ntchito ija ya ku magazini ya kafukufuku. Ndisanayankhe, zikomo nonse amene munandilembera mutawerenga za imfa ya bambo a ana anga. Mawu anu ndinawawerenga onse, ena kangapo.

Mukukumbukira kuti achemwali anga aakulu ndi amene anandipemphera ntchitoyo kwa a Mkonzi mu 2018, nditakhala miyezi yambiri manja ali m'khosi. Inali ntchito yowerenga ma proof. Nkhani ikakonzedwa chilankhulo n'kuikidwa m'masamba monga mmene idzaonekere kwa owerenga, pamafunika munthu woiyang'ana komaliza: chilembo chimene chasowa, mawu apansi pa chithunzi amene apita pa chithunzi china, dzina la mlembi lolembedwa mitundu iwiri. Maganizo a mlembi sukhudza ayi.

Magaziniyo inkayendera pa Open Journal Systems, imene ambiri amangoti OJS. Ndi pulogalamu yaulere yoyendetsera magazini a kafukufuku pa intaneti, ya bungwe la Public Knowledge Project, limene John Willinsky analiyambitsa mu 1998 pa University of British Columbia ku Canada. Mmenemo nkhani imadutsa makomo anayi: Submission (kulandira nkhani), Review (kuiunika), Copyediting (kukonza chilankhulo) ndi Production (kuiika m'masamba). Wowerenga ma proof amayembekezera pa khomo lomalizalo, ndipo saona nkhani iliyonse kufikira mkonzi atalemba dzina lake pa nkhaniyo. Izi ine sindinkazidziwa.

Imelo inafika Lolemba m'mawa, yoti nkhani yanga yoyamba yakonzeka ndipo ndibweze zolakwika pofika Lachisanu. Ndinalowa mu OJS, ndinatsegula My Queue, pansi pa My Assigned, pamene pamaonekera nkhani zimene wapatsidwa, panalibe kanthu. Mbee. Ndinatuluka n'kulowanso. Ndinasintha pasiwedi poganiza kuti mwina ndiye vuto. Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Lachiwiri lonse linatha choncho, ine ndili pampando kuyang'ana tsamba loyera, mtima ukugunda ngati ndaba.

Mmodzi wa inu anandilembera kuti vuto langa ndi kunyada, kuti sindifuna kufunsa. Ayi ndithu achimwene, sikunali kunyada. Munthu amene wapeza ntchito chifukwa mchemwali wake wachita kumugwadira amaopa funso lililonse, chifukwa amaona ngati akafunsa adziulula kuti sayenera kukhala pamenepo. Ndinkaopa kuchititsa manyazi achemwali anga.

Lachitatu madzulo ndinalimba mtima n'kulembera amayi ena othandiza a Mkonzi. Sipanathe ola, anayankha mopepesa kuti dzina langa anaiwala kuliika pa Participants, mndandanda wa anthu ogwira ntchito pa nkhaniyo. Ataliika, nkhani inatulukira pompo. Ndinadina, ndinapita pa Production, ndipo pamwamba penipeni ndinaona Production Ready Files, pansi pake fayilo ya Word. Chifukwa cha chimwemwe sindinatsikenso m'munsi mwa tsambalo. Ndinaitsitsa fayiloyo n'kuyamba ntchito.

Ndinaiwerenga usiku uwiri. Mwana wanga wamng'ono anali ndi chifuwa, ankagona pamiyendo panga, ine dzanja limodzi pamsana pake, lina likuyendetsa chala pansi pa mzere uliwonse. Ndinawerenga mokweza koma monong'ona, kuti khutu ligwire zimene diso laphonya. Lachisanu m'mawa ndinatumiza mndandanda wanga wa zolakwika pa Production Discussions, malo okambirana za nkhaniyo, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo a ana ndinamva kuti ndachita kanthu ndi manja anga.

Yankho la bambo oika nkhani m'masamba linafika masana. Ndilikumbukira liwu ndi liwu: "Mayi, mwawerenga fayilo yolakwika. Kodi galley simuidziwa? A Mkonzi, anthu ngati awa amatichedwetsa." Analemba pamalo amene a Mkonzi, amayi othandiza aja ndi mlembi wa nkhaniyo ankaona onse. Ndinawerenga kamodzi, kawiri, kenako zilembo zinayamba kusambira. Ndinapita kukaima kuseri kwa chitseko kuti ana asandione. Chinandipweteka kwambiri si kulakwa ayi, koma mawu aja oti "anthu ngati awa". Sanandionepo nkhope. Sankadziwa za usiku uwiri uja, kapena kuti ndinali nditauza kale ana kuti amayi awo apeza ntchito. Ndinalemba kalata yosiya ntchito, ndinaiwerenga, koma chala chinakana kutumiza.

Usiku womwewo amayi othandiza aja anandiimbira. "Mayi, tsegulani kompyuta, tiyendere limodzi." Anandifotokozera kuti fayilo ya Word ija ndi ya woika m'masamba, ndi pamene iye amayambira ntchito yake. Yanga, galley, ndiye kuti nkhani yoikidwa kale m'masamba, inali m'munsi, pa Galleys, yolembedwa PDF. Anandiuzanso kuti dzina loti galley linachokera ku mathireyi achitsulo amene osindikiza akale ankandandalikamo zilembo. Ndinadina, fayilo inatsika, ndinaitsegula.

Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri panali tebulo lotambalala, ndipo mzere wake wa manambala wakudzanja lamanja unali utadulidwa ndi mphepete mwa tsamba. Mu Word tebulolo linali lathunthu. Linaduka poliika m'masamba, m'manja mwa bambo omwe aja. Ndinalemba nambala ya tsamba ndi ya tebulo, ndinati chonde likonzedwe, osaonjezerapo liwu lina. Analikonza osayankha kanthu.

Ndamva kuti masiku ano bambowo amauza anthu kuti ndi iwo anandiphunzitsa ntchito. Ngati mukuwerenga, bambo, sindinakusungireni chakukhosi, koma ulemu umenewo si wanu. Ndi wa mayi amene anandiimbira usiku.

Ndinakhala pa magaziniyo zaka zisanu. Mu 2020, OJS 3.2 itatuluka, ma galley anasamukira pa Publication, ndipo wowerenga watsopano amene anabwera itatha kukwezedwa pulogalamu yathu anakhala chete masiku awiri. Ndinamudziwa chete ameneyo. Ndinapempha nambala yake kwa a Mkonzi n'kumuimbira.

Za mmene ndinachokera pa magaziniyo, ndi zimene achemwali anga ananena atamva, ndikuuzani m'gawo lotsatira.