Phwando la "kumudzi" pa Tsiku la Anakubala: chimera chauma, mphasa zapezeka

Chimera chauma tsopano, ndiye chomwe chinkandidetsa nkhawa kwambiri pa phwando la pa 15 Okutobala chatheka. Kwa amene mwangondipeza kumene: pa Tsiku la Anakubala tikuitana amayi, azakhali ndi anzawo a Chigwirizano kunyumba kwathu ku Area 25, ndipo mutu wa phwandolo ndi "kumudzi". Mabaluni ayi, keke ayi, zakumwa za m'mabotolo ayi.

Mwini phwando ndi thobwa. Mawere ndinawaviika m'madzi, kenako ndinawayala pa chiguduli n'kufunditsa masamba a nthochi, m'mawa uliwonse ndikuwaza madzi mpaka timizu toyera titatuluka. Ukavundukula masamba aja pamatuluka kafungo kotsekemera, ndipo ukapisa dzanja umamva kuti mkatimo mukufunda. Dzuwa la mwezi uno silinachedwe kuumitsa. Azakhali anenetsa kuti chimerachi chisinjidwe mumtondo, chisapite kuchigayo, ndipo ndawamvera. Andikumbutsanso za nthawi yothirira: phala la mgaiwa lizizire kaye mpaka chala chizipirira, ndiye uthire chimera n'kutakasa. Phala lolimba lija limasungunuka uli kuona, chifukwa chimera chimasandutsa ufawo kukhala wotsekemera. Ukathira likadali lobwadamuka, chimera chimafa, ndipo umayamba kusakasaka shuga. Ligone usiku umodzi, m'mawa liwiritsidwenso. Likagonetsa limasasa n'kuyamba kulowera ku mowa, choncho ndiphika kutatsala tsiku limodzi basi.

Pa ndiwo ndatsata nyengo. Okutobala kumudzi si mwezi wa nkhwani wauwisi, kupatula kwa amene ali ndi dimba. Anthu amadya mfutso umene anafutsa nthawi ya dzinja. Azakhali abweretsa zikwatu ziwiri kuchokera ku Mitundu, cha nkhwani ndi cha khwanya, ndipo zonse tidzatendera ndi nsinjiro. Padzakhalanso usipa wouma, nyemba, ndi nkhuku zachikuda zophika mumphika wadothi, mopanda zokometsera zambiri: tomato, anyezi, mchere. Nsima ya mgaiwa, ndi kondowole pang'ono chifukwa mmodzi mwa anzawo a amayi kwawo ndi ku Nkhotakota. Ana adzadya futali ndi zitumbuwa, n'kumwera madzi a malambe.

Zokongoletsa sizinanditayitse nthawi. Mphasa ndabwereka kwa oyandikana nawo, malichero ndi nsengwa ndi zathu zomwe, mtsuko wa madzi akumwa udzakhala pansi pa mtengo wa mango. Aliyense abwere atavala chitenje ndi duku lake lomwe ali nalo kale. Sindikufuna wina alowe m'ngongole chifukwa cha yunifolomu ya tsiku limodzi.

Chimene ndikuchiganizira kwambiri n'choti alendo adzachite chiyani akatha kudya. Ndakhalapo pa maphwando okongoletsedwa bwino koma anthu angokhala pamipando, aliyense maso pa foni, kudikira woyendetsa mwambo. Kumudzi sikuoneka ndi lichero lopachika pakhoma. Kumaoneka amayi akagwira munsi awiriawiri n'kuyamba nyimbo ya pamtondo, wina akupeta pambali. N'chifukwa chake nsinjiro za mfutso zidzasinjidwa pomwepo, anthu akuona, ndipo amene dzanja likumuyabwa alandire munsi. Atsikana ndawatolera timiyala ta phada, ndipo ndapanga mpira wa mapepala wa fulaye. Abambo ochepa amene adzaperekeze amayiwa adzapeza bawo pakhonde. Bawoyo ilipo ndi maenje ake 32, koma nkhomo zinatayika zambiri, ndipo zimafunika 64.

Dzuwa likapendeka tidzavina chimtali. Ng'oma ndalonjezedwa, woimba wake ndiye sindinamupeze. Kukada tidzazimitsa magetsi dala, tiyatse makoloboyi ndi moto pabwalo, amayi ayambe "Padangotero", ife tivomere "Tili tonse". Adzukulu awo ambiri anabadwira m'tauni muno ndipo sanamvepo agogo awo akuimba nyimbo ya m'kati mwa nthano. Ndawapempha amayi kuti asankhiretu nthano zawo, ndipo akuti ayamba kale kuzikumbukira pamodzi ndi azakhali pa foni.

Loweruka ndikupita kumsika kukafuna zikho zomwera thobwa, nkhomo zotsalazo ndi parafini. Amene mukudziwa mayi woimba ng'oma ya chimtali kuno ku Lilongwe, chonde ndiuzeni msanga, kuti tikambirane sabata isanathe.