Chimanga chinamera m'buti mwa galimoto yanga

Mvula ikangosiya kuno ku Blantyre, cha kumapeto kwa Epulo, ndimapatula Loweruka limodzi loti ndithane ndi galimoto. Chaka chino tsikulo anasankha ndi mayi akunyumba. Ananenetsa kuti sakweranso Fielder yathu mpaka fungo la chuku lomwe linali m'katimo litatha. Ine ndinkakana, poti anyamata otsuka magalimoto m'tauni anali ataipukuta sabata yomweyo, kunja ikuchita kung'anima ngati yangofika kumene kuchokera ku Dar es Salaam.

Ndinayamba m'mamawa, injini isanalizidwe. Ndinatulutsa makapeti onse, mabotolo, maambulera awiri othyoka ndi nsapato ya mwana yomwe tinaisaka mwezi wathunthu. Nditatukula thabwa la m'buti kuti ndione sipeya, ndinangoti kakasi. Tayala linali litakhala m'chithaphwi, ndipo m'mbali mwake munali mutamera chimanga, timitengo toyera tosaonapo dzuwa. Ndi chimanga chomwe chinatayika m'matumba chaka chatha pochokera kumudzi. Madzi a mvula atalowa, icho chinangoona ngati chili m'dimba.

Pansi pa dzenje la sipeya pamakhala kachitseko ka labala. Ndinakazula ndi sikuludiraiva, madzi nkutsikira pansi, kenaka ndinatsuka ndi sopo waufa ndi burashi. Dzimbiri linali litayamba kale pa jeke ndi pa sipanala ya mawilo. Ndinazikwecha ndi sandipepa nkuzipaka oyilo. Kuyambira apo sindinakhulupirirenso maso. Ndinkapisa dzanja pansi pa kapeti yomata ija, chifukwa kunsi kwake kuli chinsalu chokhuthala chomwe chimasunga madzi ngakhale pamwamba paoneke pouma. Mbali ya woyendetsa kunali chinyontho, ndiye ndinaitukula, nkuichirikiza ndi kathabwa, zitseko zonse nkuzisiya pululu kuti dzuwa ndi mphepo zigwire ntchito yake. Mafuta onunkhiritsa sindinathire. Chuku ukachithira pafyumu chimangonunkha kawiri.

Kunsi kwa chitseko chilichonse kuli timabowo totulutsa madzi otsika pagalasi. Tiwiri tinali titatsekeka ndi matope. Nditatokosa ndi kawaya, madzi abulauni anachita kuti chuu pa phazi langa.

Ntchito yotopetsa inali ya kunsi. Matope ofiira a msewu wa kwathu amakamatirira m'madigadi ndi pamwamba pa masipuling'i, ndipo pamenepo anyamata a ndowa safikapo. Matope amenewa ndi amene amadya galimoto, chifukwa sauma msanga, chitsulo chimangokhala chonyowa mpaka Juni. Ndinagona pa katoni ndi paipi ya madzi, nkumagumula ndi kamtengo. Zomwe zinagwa zikanadzaza ndowa. Pa injini sindinathirepo madzi, ndimaopa mawaya ndi masensa.

Nditatsekula boneti ndinapeza manyi a makoswe pamwamba pa batire. Sizinandidabwitse, poti galimoto yokhala ndi chimanga ndi nkhokwe basi, ndipo kukayamba kuzizira makoswe amakonda kufunda kwa injini. Ndinayang'ana mawaya onse ofikirika, mwamwayi anali asanatafunepo. Pa mitu ya batire panali ufa wobiriwira uja. Ndinamasula kaye waya wa negetivi, kenaka wa pozitivi, ndinatsuka ndi soda wophikira therere wosungunula m'madzi, nkubwezeretsa moyambira ku pozitivi. Mukasokoneza ndondomekoyi sipanala ikhoza kugunda chitsulo nkuthetheka moto.

Oyilo anali pakati pa timadontho tiwiri ta kachitsulo koyezera, mtundu wake ukadali bwino. Madzi a redieta, apinki aja a Toyota, anali pa mzere wake. Awa musayerekeze kutsekula injini ili yotentha, amakuthirani kumaso. Mafuta a mabuleki ndi amene anandidandaulitsa, anali atada ngati tiyi wopanda mkaka. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, nchifukwa chake amayenera kusinthidwa pakatha zaka 2, ndipo ine sindinkakumbuka nkomwe tsiku lomwe ndinasintha. Amene amatsika msewu wa ku Chikwawa ndi katundu akudziwa kuti pamakhota paja si poyesera mabuleki. Ndinalemba kuti iyi ndi ya makaniko.

Fyuluta ya mpweya wa injini ndinangoigwedeza nkuibwezera, idzasinthidwa fumbi la Ogasiti lisanayambe. Koma pali ina yomwe ambiri sadziwa kuti ilipo, kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Mukafinya kabokosiko m'mbali kamatsika, fyuluta nkuonekera. Yanga inali yakuda bii, yodzaza masamba ndi mankhusu. Theka la fungo lija linkachokera mmenemo.

Matayala ndinawayeza mpweya asanayende, potsatira manambala olembedwa pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa, osati zoyeza ndi chidendene zija. M'mizere ya tayala muli timabampu totalika mamilimita 1.6, ndipo mphira akafanana nato ndiye kuti latha. Pambali pa tayala palinso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Pa sipeya panalembedwa 3614, kutanthauza sabata ya 36 m'chaka cha 2014. Mizere yake inali yakuya ndithu, koma m'mbali linali litang'aluka timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Lakutsogolo kumanzere linali litadyeka mkati mokha, mphatso ya maenje a dzinja.

Lolemba ndinapita nayo kwa makaniko wanga kuti akawongole mawilo, ija amati alayinimenti. Atagwedeza wilo anangoti, "Achimwene, tayirodi iyi yatha, alayinimenti yokha ndi kutaya ndalama." Anasintha tayirodiyo (kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi wilo) ndi mafuta a mabuleki, ine nkuwonjezerapo mawaipa atsopano. Anthu amaseka kugula mawaipa mvula itatha, koma chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chikasakanikirana ndi fumbi pagalasi, waipa wouma amangopaka phala.

Chinatsala ndi kudziwa polowera madzi. Madzulo ndinagwetsa mipando yakumbuyo, mwana wanga wamkulu nkukhala m'buti ndi tochi, ine ndikuthira madzi panja ndi paipi. Pa labala wa chitseko panalibe kanthu. Nditafika pa nyale yakumbuyo ya kumanja anakuwa, "Adadi, apa, akudontha!" Kalabala ka kuseri kwa nyaleyo kanali kataphwanyika. Tinamasula mabawuti ake, tinamata ndi silikoni, ndipo mmawa mwake tinathiranso madzi kwa mphindi khumi, m'buti muli gwaa. Mayi akunyumba analowa, ananunkhiza uku ndi uku, nkufunsa ngati chaka chino matumba a chimanga ndiwayalira lona.