Zikomo kwa nonse amene munatigwira mkono pa maliro a amayi

Abale ndi alongo, chaka chatha tsopano chimwalirireni amayi athu ndipo Loweruka lapitali tinali kumudzi ku Mtakataka kukachita Misa yowakumbukira komanso kuvundukula chiliza. Ndakhala ndikufuna kulemba mawu awa kwa miyezi yambiri koma ndikangoyamba misozi inkatseka maso, foni nkuiika pansi, basi. Lero ndalimba mtima.

Amayi anagwa ndi sitiroko ali kudimba, BP inkawavuta kale koma mukudziwa azimayi athu akumudzi, ukawauza kuti apume amangoti ndikapuma kumanda. Anagona mchipatala masiku 9. Ine ndinanyamuka ku Lilongwe usiku womwewo ndipo ndinawapeza sakuyankhula, dzanja lamanja lafa, koma lamanzere linali likufufuza chinachake pa chitenje, achemwali anga ndi amene anazindikira kuti akufuna kolona yawo. Kolona ija ndi yakalekale, mikanda ina inasuluka mpaka kuyera chifukwa chogwiridwa, ndipo pamene inaduka anailumikiza okha ndi ulusi wakuda wosokera. Titawaika mmanja anaikumbatira nkukhala bata.

Choyamba ndithokoze abambo mfumu a ku parishi yathu ya Mua amene anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Tinawaimbira foni madzulo ndithu, ife tikuganiza kuti mwina abwera mawa, koma dzuwa lisanalowe anali atafika, fumbi lili mbuu mnsapato. Anawadzoza pachipumi ndi mmanja, ndipo pamene tinayamba Tikuoneni Maria milomo ya amayi inkagwedezeka kutsatira mawu, ine ndinaona ndi maso angawa. Patapita masiku awiri anatisiya mbandakucha.

Ndinene chilungamo apa, chifukwa ambiri mumandiona kutchalitchi nkumati ndine wolimba. Amayi atamwalira ine pemphero linandithera. Sindinasiye kukhulupirira kuti Mulungu alipo ayi, koma ndinamukwiyira, ndinkati munthu amene kuyambira utsikana wake sanaphonyepo Misa ya Lamulungu, woyenda wapansi mtunda wonse uja mvula kaya dzuwa, wosesa mtchalitchi, wophikira alendo a parishi, bwanji osamupatsa ngakhale mpata wotitsanzika ndi mawu amodzi okha? Pa siwa anthu akuimba usiku wonse ine ndinangokhala pakona pakamwa pali gwa. Nditabwerera ku tauni ndinakhala miyezi 3 osaponda kutchalitchi.

Ndiye zikomo wanga wamkulu akupita kwa inu a mphakati wathu kuno ku Lilongwe. Simunandidzudzule, simunandifunse kuti bwanji simukuoneka, munangoyamba kubwera kunyumba Lachinayi lililonse madzulo mutaweruka kuntchito, ena ndi kapaketi ka shuga, ena ndi kamtolo ka masamba, mumakhala pamkeka nkuyamba kolona, ine ndili chete pampando ngati mlendo mnyumba yanga yomwe. Mayi ena achikulire a mu mphakatimo anandiuza kuti mwana wanga ngati sukutha kupemphera usadzikakamize, ife tikupempherera, iwe ungokhala nafe. Mawu amenewo sindidzawaiwala. Tsiku lina mu October, mwezi wa kolona, tinafika pa mawu aja akuti mutipempherere ife ochimwa tsopano ndi pa nthawi ya kufa kwathu, ndipo zinandifika pamtima kuti amayi ananena mawu amenewa tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse, kupempha kuti pa ola lawo lomaliza asadzakhale okha, ndipo zoonadi sanali okha, ansembe anafika, ana awo tinali pomwepo, kolona ili mmanja. Zimene ankapempha anapatsidwa, ine ndi amene ndinkafuna zina. Ndinalira usiku umenewo kuposa tsiku la maliro, koma ndinayankha nawo pemphero koyamba.

Pa 2 November, tsiku limene mpingo umakumbukira akufa onse, ndinapita ku Misa ndipo dzina la amayi linatchulidwa pamodzi ndi maina a makolo a anthu ena ambirimbiri, ndinayang'ana mbali zonse nkuona kuti tonse mtchalitchimo tili ndi wathu amene anatsogola. Nkhani ya Lazaro ija ndinkaimva kuyambira ku katekisimu koma pano ndi pamene ndinaimvetsa, kuti Yesu mwini wake analira pamanda a bwenzi lake ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa. Ndiye kulira kwanga sikunali kuchimwa, ndipo amayi ndidzawaonanso, izi ndikukhulupirira ndi mtima wanga wonse.

Amayi a Chikatolika akumudzi, inu munasambitsa mnzanu, munamuveka yunifolomu yake, munaimba mpaka mawu kusasa, Ambuye akubwezereni. A kwaya, akatekisiti amene munatsogolera mapemphero pa siwa, adzukulu amene munakumba manda panthaka youma gwa ya mu August, a mfumu amene munatipatsa malo, zikomo. Anzanga akuntchito ndi a pa gulupu ya WhatsApp amene munasonkha pa Airtel Money ndi Mpamba, ndalama zanu ndi zimene zinagula bokosi ndi kulipira galimoto, ndipo achimwene athu a ku Johannesburg amene zinakanika kufika pa maliro koma anatumiza ya simenti yonse ya chiliza, musadziimbe mlandu achimwene, amayi ankadziwa mtima wanu.

A malume, inu mwini mbumba, pamene ife ana tinayamba kukokanakokana pa nkhani ya dimba ndi mbuzi munatikhazika pansi pa mtengo wa mango nkutiuza kuti mlongo wanu sanasiye ana oti azionetsana msana. Tinamva, ndipo Loweruka lija tonse 5 tinagwada pamzere umodzi.

Kolona ija abale anagwirizana kuti ndisunge ine. Ulusi wakuda uja unayamba kutha ndiye ndinagula wina pa msika nkuilumikizanso pamalo pomwe paja. Lachinayi likudzali mphakati ukumana kunyumba kwanga 5 koloko madzulo, amene muli pafupi bwerani tidzapempherere amayi ndi makolo anu onse amene anatisiya.