Kuthokoza anthu ongodzipereka a Red Cross amene anapeza bambo athu

Ine pamodzi ndi banja lathu lonse kuno ku Mtandire tikuthokoza poyera anyamata ndi atsikana ongodzipereka a bungwe la Malawi Red Cross Society, amene anachezera usiku wonse m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi kufunafuna bambo athu m'dzinja lapitali. Tinadikira kuti bambo ayambe ayenda okha popanda ndodo, ndipo tsopano akuyenda.

Madzulo a tsikulo bambo anatsikira kudimba kukatenga makasu. Kwathu kunangowaza, koma kumtunda kunagwa chimvula, ndipo mtsinje unadzaza mwadzidzidzi n'kuwatsekereza. Mdima utagwa, ife tinkangothamanga uku ndi uku tikuitana dzina lawo. Anthu ovala chizindikiro cha mtanda wofiira atafika ndi matochi, zingwe ndi machira, anayamba atikhazika pansi n'kutifunsa modekha malo enieni a dimbalo ndi zovala zimene bambo anavala, kenaka anagawana magulu n'kuyamba kufufuza m'mabango. Kunja kukuyera, anawapeza atakangamira nthambi ya mkuyu, madzi ali m'chiuno, milomo itauma ndi kuzizira. Mtsikana wina anawavula malaya onyowa, n'kuwafunditsa bulangeti, ndipo sanasiye kuwalankhula kuti asagone mpaka galimoto yopita kuchipatala itafika.

Pambuyo pake ndinafuna kudziwa kumene anthu otere amachokera. Bungweli linayamba ntchito m'dziko muno mu 1932, nthawi ya Nyasaland, ngati nthambi ya British Red Cross, ndipo linaima palokha kudzera m'lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 1966. Muzu wake uli kutali: Henry Dunant wa ku Switzerland, ataona asilikali ovulala atangosiyidwa pabwalo la nkhondo ku Solferino, m'dziko la Italy, mu 1859, anamema anthu wamba kuti awasamalire osayang'ana mbali imene ankamenyera, ndipo Red Cross inabadwa ku Geneva mu 1863. Kuno kwathu, ndi bungwe lomweli limene linkagawa chakudya kwa abale athu a ku Mozambique pamene anathawira kuno nkhondo ya kwawo, ndipo namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, anthu ake anali nawo m'matope a ku Chilobwe kufukula anzathu. Kale ndinkazimva pawailesi ngati nkhani za kutali. Lero zimandikhudza, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti ntchito yotereyi amaigwira ndi ana a anthu, amene nawonso anasiya makolo awo akuda nkhawa kunyumba.

Sitinathe kufunsa mayina anu usiku umenewo, ndipo munachoka osalandira ngakhale kapu ya tiyi. Bulangeti lija tinalichapa ndipo tikulisunga kuti tidzabweze. Bambo akuti mpiru wa kudimba ukakula m'chilimwe chino, mudzabwere nonse kudzadya nawo nsima.