Mbiri ya moyo wanga, gawo la 17: Kabokosi kamene kankatisokoneza ku Braamfontein

M'gawo lapitali ndinalekeza pamene ndinalembedwa ntchito pa kampani ina ya mapulogalamu a kompyuta ku Braamfontein, mu mzinda wa Johannesburg, chakumapeto kwa 2021. Ntchito yanga inali yolemba ma test, timapulogalamu totsegula browser (pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti), kudina mabatani ndi kudzaza mafomu monga achitira munthu, kuti tione ngati webusaiti ikuyenda bwino. Polemba ma test amenewa tinkagwiritsa ntchito chida chotchedwa Cypress, ngakhale ma test akale anali a Selenium, chida chimene chinayamba mu 2004.

Chotisowetsa mtendere chinali kabokosi kopempha chilolezo cha ma cookie, tizidziwitso timene webusaiti imasunga mu browser ya mlendo kuti izimukumbukira. Kuyambira pa 1 Julaye 2021 makampani a ku South Africa anayenera kutsatira lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, ndipo nafenso tinaika kabokosi kotere, koonekera kwa mlendo watsopano yekha. Test imene ndinaipeza inkati: ngati kabokosi kalipo, katseke, ngati palibe, pitirira. Pomva zimaoneka zanzeru. Koma tsamba silifika lonse nthawi imodzi, popeza JavaScript, code imene imayendetsa tsambalo mu browser, imapitiriza kulisintha, choncho pamene test ikufunsa, kabokosi kakhoza kukhala kali m'njira. Test inkapitirira poganiza kuti palibe, kenaka kabokosi n'kutulukira ndi kuphimba batani lolipirira. Lero yapambana, mawa yalephera, chonsecho palibe wakhudza code.

Ena ankafuna kungoonjezera masekondi odikira, koma zimenezo zimangochedwetsa ntchito. Choopsa kwambiri, m'kuona kwanga, n'chakuti kabokosiko katasiyiratu kuoneka, test ya "ngati" ikanapambanabe, ndipo palibe akanadziwa kuti chinthu chawonongeka.

Mkulu wa gulu lathu, bambo wina wa ku Mulanje amene tinkayankhula naye Chichewa pa nkhomaliro, anandiitanira pa desiki yake nati: "Achimwene, musamalifunse tsambalo kuti lili bwanji, muziliuza inuyo mmene likhalire." Tinaigawa test ija pawiri. Yoyamba imafufuta ma cookie onse ndi kuumirira kuti kabokosi kaoneke. Yachiwiri imaika cookie yosonyeza kuti mlendo si watsopano, pogwiritsa ntchito lamulo la Cypress la cy.setCookie, tsamba lisanatsegulidwe, n'kutsimikiza kuti kabokosi palibe. Pa masamba amene ankaonetsa alendo maonekedwe awiri osiyana, tinapempha olemba code kuti atipatse njira yosankhira maonekedwewo kudzera pa adiresi ya tsamba, ndipo anavomera atakanakana pang'ono, poti inali ntchito yoonjezera kwa iwo.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za mmene tinasamukira ku Playwright, chida china cholembera ma test.