Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Nyanga m'sinowo

Sabata yatha ndinasiyira poti ndapeza kachipinda ku Kingston, mumzinda wa London, ndipo ndayamba ntchito yosamalira okalamba. Lero ndikutengerani pa Lolemba, pa 12 December 2022, tsiku limene ndinaponda sinowo koyamba.

Inagwa usiku wa Lamulungu ine ndili pa naiti. Nditaweruka m'mawa, tulo sindinatifunenso, ndinalunjika ku Richmond Park. Kuphazi ndinali ndi nsapato zansalu zomwe ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe. Musadzayerekeze. Mphindi khumi zisanakwane zala zinali zitachita dzanzi.

Pakiyi ndi yaikulu pafupifupi mahekitala 1,000, ndipo Mfumu Charles I ndiye anaizinga ndi mpanda wanjerwa mu 1637 kuti azisakamo nyama. Zidzukulu za nyamazo zilipobe, pafupifupi 600, zamitundu iwiri: zikuluzikulu zofiirira zomwe amati red deer, ndi zocheperapo zotchedwa fallow deer. Ine ndimangoti mbawala, ngakhale si mbawala kwenikweni.

Ndinazipeza pafupi ndi maiwe a Pen Ponds. Kunali zii, kumangomveka nsapato zanga kuti phwatha phwatha. Mphongo imodzi inali yokha pansi pa mtengo, ikupalasa sinowo ndi chiboda kuti ipeze udzu. M'mphuno mwake munkatuluka nthunzi ngati m'ketulo. Nyanga zake zinali nthambinthambi, sinowo itakhala pa mphanda iliyonse, ndipo pamsana pake panatera kambalame konga khwangwala kakujompha ubweya, iyo osalabadira.

Ine ndinakulira m'malire mwa nkhalango ya Kasungu. Kwathu nyama yakutchire imakhala ndiwo kapena mdani. Njovu tinkazichezera usiku wonse m'munda tikuwomba zitini, ndipo gwape akangomva fungo la munthu ndi ulendo. Ndiye kuona chinyama chonenepa chotere chikundiyang'ana osathawa, mutu unandizungulira. Kunena zoona, ganizo loyamba linali la mphika. Lachiwiri linali la chithunzi cha pa Facebook.

Ndinasendera, foni ili m'manja. Ndinasenderanso. Patatsala mapazi ngati khumi, inadzutsa mutu n'kuponda pansi kamodzi, di! Nthawi imeneyo m'pamene ndinaona kuti nyanga zija zandipitirira msinkhu. Miyendo inangoti zii.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a gogo wina wachizungu amene anali ndi galu pachingwe. Anandiuza motsitsa kuti ndibwerere chambuyo pang'onopang'ono, osathamanga. Nditafika pomwe anali, anandidzudzula ngati mdzukulu wawo: lamulo la muno ndi kutalikirana nazo mamita 50. Manyazi anandigwira, ine mwana wa kumalire a nkhalango kuphunzitsidwa za nyama ku London!

Gogowo ndi amenenso anandiuza kuti nyangazo zimathothoka chaka chilichonse dzinja lawo likamatha, n'kumeranso zina. Ndinkayesa akundinamiza, poti ngoma ya kwathu imafa ndi nyanga zake zomwezo. Anatinso popeza mulibe zilombo zozidya, alonda amaphako zina mu November ndi February kuti zisachulukitse, nyamayo n'kugulitsa.

Madzulo ndinatumiza chithunzi chija kumudzi pa WhatsApp, chopendekeka chifukwa dzanja linkanjenjemera. Amayi anaimba pompo.

"Iwe, choyeracho ndi ufa?"

"Ayi Amayi, ndi sinowo, madzi oundana."

"Nanga nyamayo mwini wake ndani? Anthu akumeneko ndiwo sazifuna?"

Gawo lotsatira ndidzakuuzani za chimfine chomwe nsapato zija zinandigulira.