Ntchito yathu yoperekeza alendo ku Nyika

Bizinesi yathu ndi yoperekeza alendo amene akufuna kuona Nyika, Vwaza ndi Livingstonia, ndipo ofesi yathu, yomwe ndi kachipinda kamodzi chabe, ili pa boma la Rumphi. Tinaiyamba anthu awiri, ine ndi mlamu wanga, titagwira ntchito kwa zaka zingapo m'makampani a eni ake, iye ngati dalaivala, ine ngati wophika ndi wonyamula katundu pa maulendo apansi. Mpamba wathu unali galimoto yakale ya Land Cruiser imene tinaigula pangongole, matenti ochepa, ndi kudziwa njira za kuphiriko.

Kuyambira pachiyambi tinagwirizana kuti mlendo aliyense tizimuuza zoona asanalipire. Paki ya Nyika, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965, ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, koma si malo a munthu amene wabwera kudzaona mikango ndi zipembere. Woteroyo timamulangiza kuti apite ku Liwonde kapena ku Majete, ngakhale kuti potero ndalama imatidutsa. Chimene ife timagulitsa ndi kuyenda. Pamwamba pa phiripo pali zitunda za udzu waufupi zopanda mitengo, kotero kuti munthu amaona kutali ndipo amatha kuyenda wapansi kapena kupalasa njinga pakati pa mbidzi, nchefu, chilembwe ndi mphoyo. Okonda mbalame ndiwo amakhalitsa, popeza mitundu yake imaposa 400, ndipo ena amakhala m'mawa wonse pamphepete pa nkhalango ya Zovo-Chipolo osadandaula njala.

Bwana weniweni wa bizinesi imeneyi ndi msewu ndi nyengo. Kuchoka pa Rumphi, kudutsa pa chipata cha Thazima mpaka kukafika ku Chelinda, komwe kuli malo ogona alendo mkati mwa pakiyo, ndi mtunda woposa makilomita 100, wambiri mwa iwo wafumbi, ndipo penapake msewuwo umalowa m'dziko la Zambia n'kubwereranso kwathu. Chovuta n'chakuti maluwa otchedwa ma orchid, amene ku Nyika alipo mitundu yoposa 200, amachita bwino mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomwe matope ali pachimake. Alendo a maluwawa timawanyamula ndithu, koma m'galimoto simusowa makasu, chingwe chokokera ndi chakudya cha tsiku lina lapadera, ndipo aliyense amauzidwiratu kuti akhoza kutsika n'kukankha nawo. Maluwa omwewa ali pangozi chifukwa cha anthu amene amakumba mizu yake kuti akapangire chakudya chotchedwa chikanda, ndipo nkhaniyi timaifotokoza mosabisa, komanso mosanyoza anthu a m'midzi yozungulira, pakuti ambiri mwa antchito athu kwawo ndi komweko.

Mu Juni ndi Julayi vuto limakhala chisanu. Alendo ambiri amabwera kuchokera kunyanja atavala makabudula, akuganiza kuti Malawi yense ndi wotentha, koma ku Chelinda, pamtunda woposa mamita 2,000, udzu umadzuka utayera mbuu, ndipo madzi otsala m'beseni usiku amakhala ndi kachigamba kouma pamwamba pake. Ndalama yoyamba imene tinapeza sitinagulire chikwangwani, tinagulira mabulangete ndi majuzi a pakaunjika ku Mzuzu, ndipo mpaka lero ndimaona kuti palibe katundu amene watipezera mbiri yabwino kuposa ameneyu.

Ulendo umene timaunyadira kwambiri ndi wa masiku atatu, wochoka ku Chelinda wapansi kukatsikira ku Livingstonia. Malamulo a paki amafuna kuti tikhale ndi mlonda wa dipatimenti yoona za nyama zakutchire, wonyamula mfuti, ndipo onyamula katundu timalemba achinyamata olankhula Chitumbuka amene amadziwa mtsinje uliwonse ndi dzina lake. Malipiro awo timagwirizana tisananyamuke ndipo amalandira m'manja tsiku lomaliza, chifukwa ndinasenzapo katundu wotere ndipo ndikudziwa kuwawa kwa kudikira ndalama imene unaikhetsera thukuta. Tikafika, alendo amaona Stone House, nyumba ya Dr Robert Laws amene anasamutsira mishoni kumeneko mu 1894, kenaka mathithi a Manchewe, ndipo amene miyendo ikadali yolimba amatsika msewu wokhotakhota wa Gorodi mpaka pa Chitimba kukasamba m'nyanja. Ku Vwaza timapita tsiku limodzi kapena awiri, makamaka m'chilimwe pamene njovu zimabwera kudzamwa pa nyanja ya Kazuni pomwe pali mvuu zambiri.

Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, alendo akunja anasiyiratu kubwera, ndipo galimoto yathu inayamba kunyamula matumba a chimanga ndi fodya kuti ngongole isatimize. Nthawi imeneyo ndi imene tinayamba kuitana Amalawi anzathu: magulu a ogwira ntchito a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, mabanja, ndi ana a sukulu za sekondale, amene ambiri mwa iwo Nyika ankangoimva m'kalasi. Popeza mtengo wolowera m'paki ndi wotsika kwa nzika, tinakonza maulendo a Loweruka ndi Lamlungu oti anthu azisonkherana mafuta ndi kugona m'matenti. Alendo akunja anabwereranso, koma maulendo amenewa sitinawasiye, ndipo galimoto yachiwiri imene tikusungira ndalama panopa idzakhala ya mipando yambiri, yoti izitha kunyamula kalasi yonse pamodzi ndi aphunzitsi ake.